Mwana Aligwire Lembo ndi Dzanja Lake

M'mawa uliwonse m'makalasi a Sitandade 1 mumamveka nyimbo ya a, e, i, o, u. Mphunzitsi aloza pa bolodi ndi kamtengo, ana ayankha onse pamodzi mokweza, ndipo munthu wodutsa panja angaganize kuti ntchito yatheka. Koma mphunzitsi yemweyo akafufuta malembo anayi, naitana mwana mmodzi kuti atchule lembo latsalalo, kawirikawiri mwanayo amangozolika. Chimene waloweza ndi nyimbo, lembolo sanalidziwe.

Vutoli linakula m'chaka cha 1994 pamene maphunziro a pulayimale anayamba kukhala aulere, ana a sukulu nachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Kuyambira pamenepo si chachilendo kupeza ana oposa 100 m'kalasi imodzi ya Sitandade 1. Ndondomeko ya National Reading Programme, imene inayamba mu 2016, inabweretsa mabuku ndi njira yophunzitsira maliwu a malembo. Zimenezi n'zoyamikika, komabe mwana wokhala kumbuyo kwa khamu lotere amaliona lembo patali ngati mbalame yodutsa.

Aphunzitsi ayenera kumvetsa chifukwa chimene malembo amasokonezera ana. Mwana asanayambe sukulu amakhala ataphunzira kuti khasu ndi khasu, kaya layang'ana kumanja kaya kumanzere, kaya laimikidwa chadodolido. Lamulo limeneli siligwira ntchito pa malembo. Lembo la b likatembenuka lasanduka d, ndipo "buku" lasanduka "duku". Lembo la n likagadama lasanduka u. Mwana wosokoneza malembo otere si mbuli, ndipo kumukalipira n'kumulakwira. Maso ake akuona zofanana. Chimene chingamuuze kusiyana kwake ndi dzanja, pakuti b ndi d salembedwa mofanana.

Nzeru imeneyi si yatsopano. Mu 1907 Maria Montessori anatsegula sukulu ya ana aang'ono m'dera la San Lorenzo mumzinda wa Roma. Kumeneko ana ankasisita ndi zala malembo odulidwa pa sandipepa uku akutchula liwu lake, ndipo ambiri anayamba kulemba asanayambe kuwerenga. Mu 2012 Karin James wa ku Indiana University ndi mnzake Laura Engelhardt anapima ubongo wa ana a zaka zisanu. Iwo anapeza kuti mbali za ubongo zothandiza kuwerenga zinkagwira ntchito kwambiri mwana akaona lembo limene analemba yekha ndi dzanja, kuposa limene anangolidina pa kompyuta kapena kulilondola pa mizere ya wina. Phunziro lake n'loti kusisita ndi kulondola ndi chiyambi chabe. Potsiriza mwana alembe yekha, ngakhale mokhotakhota.

Sukulu yakumudzi siyenera kudikira sandipepa. Kumaphunziro a uphunzitsi kuno ku Malawi kuli mfundo ya TALULAR, yoti zipangizo zophunzitsira zichokere pa zinthu zopezeka pamalopo. Dongo limene ana amaumbira ng'ombe lingaumbenso m ndi s. Mchenga wa pabwalo ndi sileti yosasweka: mwana alemba ndi chala, afufuta ndi chikhatho, nalembanso. Timitengo ndi zidutswa za mapesi zipanga malembo a mizere yowongoka monga A, K ndi T, pamene luzi lipinda o, u ndi e. Njere za chimanga, nthanga za maungu ndi zitsekerero za mabotolo zingandandalikidwe pa lembo lojambulidwa ndi khala. Mphunzitsi angadule malembo pa katoni, kuwaika m'thumba, mwana napisamo dzanja ndi kutchula lembo asanalitulutse.

Ena adzati kumeneku n'kusewera. Kungakhaledi kusewera chabe ngati palibe dongosolo. Dzanja ndi pakamwa ziyendere limodzi: mwana akamaumba m azitchulanso liwu lake. Malembo aphunzitsidwe limodzi kapena awiri pa nthawi, ndipo b akhazikike kaye d asanabwere. Malembo a liwu asanu aja akadziwika, mwana asendeze m wadongo pafupi ndi a, kenaka e, kuti aone ndi maso ake mmene ma ndi me amabadwira. Chichewa chili ndi mwayi woti mawu ake amalembedwa pafupifupi monga amamvekera, kotero mwana wodziwa malembo ochepa angaumbe kale "amama". Ana ocheperapo asasiyidwe okha ndi njere, pakuti amaziika m'kamwa ndi m'mphuno.

Mphunzitsi mmodzi sangayang'ane manja a ana 100 nthawi imodzi. Apa ndi pamene anyamata ndi atsikana amene anatsiriza Fomu 4, ndipo akali pakhomo kudikira ntchito kapena malo ku koleji, angathandize. Aliyense wa iwo ali ndi mng'ono, mlongo kapena mwana wa mnansi. Theka la ola madzulo, pansi pa mtengo wa mango, ndi dongo lodzaza dzanja, n'lokwanira kuphunzitsa lembo loyamba la dzina la mwanayo. Sukulu za mkombaphala nazonso zimasowa anthu odziwa kuwerenga oti athandize alezi.

Akuluakulu anati m'mera m'poyamba. Mwana wotuluka mu Sitandade 1 osadziwa malembo amakalephera masamu ndi sayansi m'makalasi apamwamba chifukwa chosatha kuwerenga funso, ndipo akabwereza kalasi kawiri katatu amagwa ulesi n'kusiya sukulu. Aphunzitsi aakulu alole ana kutuluka panja ndi kudetsa manja pa nthawi ya Chichewa. Manja adzasambidwa, koma lembo limene mwana waliumba yekha silichoka msanga m'mutu mwake.