Kiyi wa nyumba yonse sabwereketsa

Makalata a pa intaneti asanduka mosungiramo zinthu zofunika za banja: mayankho a ntchito, mapepala a sukulu ya mwana, ngakhale mauthenga a kubanki. Wodziwa pasiwedi ya imelo yanu akhozanso kukulandani Facebook. Nchifukwa chake ife tikuti kusintha komwe kudabwera pa katsegulidwe ka makalatawa nkoyenera kukulandira.

Kale pulogalamu yowerengera makalata inkasunga pasiwedi yanu nkumaitumiza nthawi zonse. Google idathetsa njirayi pa maakaunti wamba a Gmail pa 30 May 2022, ndipo Microsoft idachita chimodzimodzi ku Outlook.com mu September 2024. Ena ataona makalata asiya kufika adaganiza kuti mapulogalamu aulere monga Thunderbird atha ntchito. Sichoncho ayi. Thunderbird, yomwe aliyense amaloledwa kuona ndi kukonza kapangidwe kake, idayamba kutsegula Gmail mwa njira yatsopanoyi mchaka cha 2015.

Njirayi imatchedwa OAuth 2.0. Pulogalamu imakutengerani pa tsamba la Google kapena Microsoft, ndipo pasiwedi mumalemba pomwepo. Mukavomera, kampaniyo imapatsa pulogalamuyo tokeni, kachiphaso kololeza zokhazo zomwe mwavomereza. Zili ngati kupatsa mlendi kiyi wa chipinda chimodzi, wa nyumba yonse nkukhala naye mwini. Foni kapena kompyuta ikabedwa, mumalowa mu akaunti yanu pa chipangizo china nkufafaniza chilolezocho.

Komabe tokeni si mankhwala a chilichonse. Akathyali amapanga masamba onamizira a Google, ndipo pulogalamu yachinyengo nayo ikhoza kupempha chilolezo. Musanalembe pasiwedi onetsetsani kuti tsambalo ndi lenileni, ndipo werengani zomwe mukuvomera. Paja safunsa adadya phula.

Makampani akuluakulu nawonso asasandutse chitetezochi mpanda. Pulogalamu iliyonse imayenera kulembetsa kaye kwa iwo, zomwe zimalemera magulu ang'onoang'ono a anthu ongodzipereka. Mapulogalamu aulere akatsekeredwa kunja, ovutika ndi mabanja omwe alibe ndalama zogulira ena.

Pempho lathu kwa makolo ndi ili: ikani pulogalamu yatsopano, sankhani OAuth2 poitchera, ndipo wokuthandizani akafika polemba pasiwedi, akupatseni foniyo mulembe nokha.