Musatiletse kudandaula za Chichewa cha Ejiofor

Filimu ya The Boy Who Harnessed the Wind inatuluka pa Netflix mu 2019, koma mpaka pano nkhani yake ikayambika pometetsa kapena m'minibasi, sipalephera wina wonena kuti filimu ndi yabwino koma Chichewa chija ayi ndithu. Ndiye pamadzuka wina, kawirikawiri wopita kusukulu, kufuna kutseka anzake pakamwa: bwanji osangothokoza kuti dziko lonse laona Kasungu, inuyo munapangapo filimu yanji? Ine ndili kumbali ya odandaulawo, ngakhale filimuyo ndimaikonda.

Chiwetel Ejiofor ndi wa ku Britain, makolo ake ndi a ku Nigeria. Analemba filimuyi, kuitsogolera, n'kusewera ngati a Trywell, bambo ake a William Kamkwamba. Wosewera ngati William ndi Maxwell Simba wa ku Kenya, wosewera ngati mayi ake ndi Aïssa Maïga, wobadwira ku Senegal n'kukulira ku France. Onsewa anachita kuphunzira Chichewa, ndipo khama lawo silobisika. Koma khutu silinamizidwa. Bambo akamakalipira mwana wake iwe n'kumathamangira kuwerenga Chingerezi cholembedwa m'munsi kuti umve zomwe akunena m'chiyankhulo chako chomwe, pamakhala pavuta. Mawu amatuluka onse, koma pokweza atsitsa, popumira apitiriza. Akangoyankhula Lily Banda, yemwe anasewera ngati Annie, mlongo wake wa William, mtima umakhala m'malo. Uyu ndiye wakwathu.

Olemba za mafilimu a ku London ndi New York sakanaimva nkhaniyi. Iwo ankawerenga za m'munsizo n'kumalira bwinobwino, moti dziko la Britain linasankha filimuyi kuti ikaliimirire ku mpikisano wa Oscar m'gulu la mafilimu a ziyankhulo zina. Tangoganizani, Angerezi kutumiza filimu ya Chichewa! Amene akanatha kunena ngati Chichewacho chapsa kapena ndi chachiwisi ndi mayi wogulitsa tomato pa Wimbe, kwawo kwa William, ndi mnyamata wa kabaza pa Kasungu boma. Awa sanaphunzire za mafilimu, inde, koma pa nkhani ya lilime ndi iwo akatswiri. Kuwauza kuti akhale chete n'kuchotsa mboni yokhayo yomwe inalipo.

Ena amati anthufe ndi a kaduka, timangofuna potola chifukwa. Sindikuvomereza. Tawonani zomwe owonera omwewa amazilekerera. William atapanga makina ake oyamba oyendera mphepo, ali ndi zaka pafupifupi 14, anayatsa mababu ndi wailesi pakhomo pawo. Za kupopa madzi zinabwera pambuyo. Mufilimu makinawo akupopa madzi kuthirira dimba njala ili pakati. Sindinamvepo munthu akukalipa nazo zimenezi. Aliyense amadziwa kuti sewero limafuna pothera posangalatsa. Ndipo mukawafunsa zomwe zinawagwira mtima, amatchula zenizeni: anthu kukanganirana chimanga pa depoti, banja kuyamba kudya kamodzi patsiku, mwana kuthamangitsidwa kusukulu chifukwa cha fizi, mfumu kumenyedwa itayankhula zoona pamsonkhano wa mtsogoleri wa dziko, gule wamkulu kutulukira pamaliro. Amene anaiona njala ya 2002 ndi maso sachedwa kutsika misozi pamenepa. Ambiri amatchulanso galu wa William uja, Khamba, ndipo ine pagalupo ndi pomwe ndimayang'ana kumbali. Munthu wa kaduka sasunga zonsezi m'mutu.

Pomwe ndimasiyana ndi anzanga odandaula ndi pamene ayamba kunena kuti akanangotenga Amalawi okhaokha basi. Kunena n'kosavuta. Filimu yotere imadya ndalama zambiri, ndipo oika ndalamazo amafuna dzina lomwe lingagulitse kunja. Ejiofor anali atadziwika kale ndi 12 Years a Slave; popanda iye mwina nkhani ya William ikanathera m'buku lomwe analemba ndi Bryan Mealer mu 2009. Akanathanso kuipanga yonse m'Chingerezi, monga achitira ambiri akamajambula nkhani za ku Africa, ife n'kusowa chonena. Anasankha njira yovuta. Chomwe ndikanakonda n'chakuti mbali zikuluzikulu zingapo, makamaka ya mayi, akanapatsa anthu oyamwira Chichewa. Ochita zisudzo tili nawo, ena akalamba akusewera pa wailesi.

Komanso tisamanamizane. Ife omwe timafuna mafilimu a anthu akwathu, tikawapeza timawatani? Shemu Joyah anapanga Seasons of a Life, The Last Fishing Boat ndi The Road to Sunrise. Joyce Mhango Chavula anapambana mphotho ya Africa Magic mu 2016 ndi filimu yake ya Lilongwe. Ambirife, ngati tinawaonera n'komwe, tinachita kukopetsa pa memore kwa anyamata a pamsika, mwini filimu osalandirapo ngakhale tambala. Apa wophunzira uja atati atifunse, tilibe poyankhira. Koma limeneli ndi funso lina, silisandutsa Chichewa chopotoka kukhala chowongoka.

Anyamata omasulira mafilimu aja, omwe amayankhulitsa Chichewa akatswiri a karate a ku China ndi zimphona za ku India m'mavidiyo a m'makwalala, ndikuwapempha ntchito imodzi. Atenge filimu ya Ejiofor aiikire mawu awo, a Trywell amveke ngati bambo wa ku Kasungu. Imeneyo ndidzagula ndi ndalama zanga, ndipo ndidzaitana amalume anga omwe sawerenga Chingerezi kuti nawonso aimve kuyambira poyamba mpaka pomaliza.