Mwana akabwereka foni yanu amapezamo chiyani?

Nkhani ya ana ndi mafoni ikangoyamba, kaya ndi ku Mvano, ku Mphakati, ku Dorika kapena pamsonkhano wa makolo kusukulu, aliyense amakhala ndi umboni wake. "Ana a masiku ano foni yawazunguza mutu." "Wanga ndinamulanda, ndinaikiyira m'sutikesi." Timapukusa mitu, n'kugwirizana kuti awa ndi masiku otsiriza, msonkhano n'kutha. Funso limene timalizemba ndi lakuti foni imene yamuzunguza mutu mwanayo mwini wake ndani.

M'mabanja ambiri kuno kwathu mwana wa Sitandade 4 alibe foni yakeyake. Ndalama yomugulira ichokera kuti, fizi ndi feteleza zili pakhosi? Amabwereka ya amayi ake, ya bambo ake, ya achemwali ake kapena ya mtsikana wantchito. Malangizo ochuluka amene timamva pankhaniyi anakonzedwa poganizira mwana wa ku London yemwe ali ndi tabuleti yake ndi intaneti yosatha kuchipinda kwake. Wathu wa ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi amafika pa intaneti kudzera m'foni ya kholo, pa bandulo ya kholo. Ndiye kuti zambiri zimene akuona ndi zimene ife eni ake tasunga.

Taganizirani Loweruka madzulo, mayi ali kukhitchini akuthyola nkhwani. "Amayi, ndibwerekeniko foni ndione zithunzi za ku ukwati wa azakhali." Mayi akuloza ndi mlomo pamene pali foniyo. Kachala kayamba kutsetsereka pagalasi: keke, operekeza akwati, agogo akuvina pa perekaniperekani. Kenako minibasi yophwanyika pamsewu wa M1, anthu ali ngundangunda asanafunditsidwe n'chitenje chomwe. Kenako kanema wa wakuba akumuveka tayala pamsika. Kenako wa mtsikana wina amene chibwenzi chake chinamuyalutsa. Mayiwa sanapite kukazisaka zimenezi. Zinabwera pagulu la WhatsApp la achibale, la akuntchito, mwinanso la kwaya. Zithunzi zimadzitsitsa zokha, ndipo kanema amene munamutsegula kamodzi kuti "mungoona" amatsala m'foni mpaka mutamufufuta. Mwana sanena kanthu, amangobweza foni. Usiku akayamba kubwebweta ndi kukana kugona yekha, timaitana akulu a mpingo kuti adzapempherere nyumba.

Sindikunyoza makolo. Ntchito yosefa zoonera ndi yachilendo kwa ife, palibe anatiphunzitsa. Amene tinakula nthawi ya Kamuzu, boma ndilo linkatisankhira: lamulo la 1968 linakhazikitsa bungwe lounika makanema ndi mabuku, wailesi inali imodzi ya MBC, ndipo wailesi yakanema ya dziko lino inadzayamba mu 1999. Masiku amenewo sindiwalakalaka, chifukwa lamulo lomwelo linatseka pakamwa alembi ndi oimba ambiri. Koma zotsatira zake n'zakuti makolo athu sanavutikepo ndi funso lakuti mwana aonere chiyani, ndiye analibe choti atisiyire. M'badwo umodzi wokha tadutsa m'mavidiyo sho a m'timashaki, m'makanema omasuliridwa m'Chichewa oikidwa pa memori khadi kumsika, mpaka pa TikTok. Sukulu zitatsekedwa mu Marichi 2020 chifukwa cha Covid-19, ife tomwe tinapereka mafoni m'manja mwa ana kuti aziphunzirirapo, ndipo mpaka lero sukulu zambiri za m'tauni zimatumiza homuweki pa WhatsApp. Kunena kuti mwana asakhudze foni n'kudzinamiza.

Pamene ife Akhristu timaphonya kwambiri ndi pa muyeso wathu. Timagawa zoonera pawiri, zauzimu ndi zachikunja, n'kuganiza kuti ntchito yatha. Katuni wokhala ndi chinjoka timamuthimitsa msangamsanga kuti ndi wa satana, koma kanema wa mneneri amatha kulira pabalaza kuyambira m'mawa mpaka usiku. Mwana wa zaka zisanu amakhala pamphasa akuonerera anthu akugubuduzika, akusanza, akukuwa ndi mawu achilendo, wina akuuzidwa kuti amene anamanga mwayi wake ndi agogo ake a kumudzi. Pa holide mukamuuza kuti tiyeni tikaone agogo, iye n'kuyamba kulira, mumadabwa chiyani? Dzina la Yesu likamveka m'kanema sizitanthauza kuti kanemayo ndi wa msinkhu wa mwana.

Ndipo ngakhale zoonerazo zikhale zoyera bwanji, nthawi imene zadya sibwerera. Mu 2019 bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO linalangiza kuti mwana wosakwana zaka ziwiri asamaikidwe pa kanema kapena pa foni, ndipo wa zaka ziwiri mpaka zinayi asapyole ola limodzi patsiku. Malangizowa sasiyanitsa katuni ndi kwaya. Chifukwa chake n'chapafupi: mwana amaphunzira kulankhula poyankhidwa. Akati "ba-ba", wina amuseke, amubwezere mawu, amuloze nkhuku n'kumuuza dzina lake. Foni imalankhula koma simuyankha. Komabe taonani mmene zimakhalira m'tchalitchi momwe: khanda likangoyamba kulira ulaliki uli mkati, mayi amapisa m'chikwama, n'kulitseka pakamwa ndi YouTube.

Chaputala 6 cha buku la Deuteronomo chimandichititsa chidwi chifukwa sichiuza kholo kuti likonze kalasi. Chimangotchula nthawi zinayi za tsiku wamba zoti kholo lizikambirana ndi ana ake za Mulungu: pocheza pakhomo, paulendo, pokagona ndi podzuka. Tayang'anani nthawi zinayi zimenezi m'nyumba zathu lero. Pocheza pakhomo aliyense wawerama pa kagalasi kake. Mu minibasi bambo ali pa Facebook, mwana akuyang'ana kunja yekha. Pokagona chomaliza kuona ndi sitetasi za anthu, ndipo podzuka dzanja limafika pa foni tisanapereke moni kwa amene tagona naye nyumba imodzi. Malo enieni amene chikhulupiriro chimayenera kudutsira kuchoka kwa kholo kupita kwa mwana ndi amene alandidwa, ndipo woyamba kuwapereka si mwana. Sande sukulu kapena Tilitonse ya ola limodzi pa sabata singakwirire dzenje limeneli.

Choncho mwambo uyambire pa foni ya akuluakulu. Lowani mu WhatsApp muthimitse zoti zithunzi zizidzitsitsa zokha, mupulumutsanso bandulo. Fufutani zimene simungafune kuti mwana wanu azione. Pagulu pamene pamabwera zithunzi za mitembo, lankhulani, ngakhale wotumizayo akhale mkulu wa mpingo: "Abambo, zimenezi ana athu amaziona, komanso womwalirayo ali ndi abale ake." Akapanda kumva, tulukanipo. Ndipo bambo amene mumakhala pakhonde mukuulutsa kandege ka juga pa foni, mnyamata wanu ataima kumbuyo kwanu akuwerenga nawo manambala, musadzadabwe tsiku limene ndalama ya mayeso idzathere pa kubetcha. Lamulo limaletsa juga kwa osakwana zaka 18, koma foni yanu yokhala ndi ndalama za Mpamba kapena Airtel Money sifunsa zaka za chala chimene chikuidina.

Kenako bwezani nthawi zija. Nsima ikafika, foni zonse zikhale patali, ya bambo yomwe, ngakhale Bullets ndi Wanderers zili m'bwalo. Pa mapemphero a madzulo tulutsani Buku Lopatulika kapena Buku Loyera la mapepala. La m'foni ndi lomwelo, koma vesi isanathe uthenga wa gulu la banki m'khonde umakhala walowa kale. Usiku mafoni agone pa chaja pabalaza. Lamulo limene limamanga mwana yekha, kholo n'kumalidumpha, mwana amaliona ngati nkhanza chabe ndipo amangodikira tsiku lodzalithawa.

Zimene mwalola kuti aonere, nthawi zina khalani naye pansi muonere limodzi. Mufunseni: "Iwe ukuona ngati ameneyu wachita bwino? Ukanakhala iwe ukanatani?" Mudzadabwa ndi zimene akudziwa kale. Mwana amene wazolowera kukamba nanu za katuni ndi yemwe adzalimbe mtima kukuuzani za chinthu chonyansa chimene mnzake wamuonetsa pa buleki. Pajatu sitidzakhala naye paliponse: kuli foni ya mnzake, kuli kanema wa kwa aneba, kuli vidiyo sho ya kuseri kwa msika. Chimene adzapite nacho kumeneko ndi nzeru yosiyanitsa imene mwamuphunzitsa pabalaza.

Pali kanthu kena kamene timakaona ngati kakang'ono. Facebook ndi TikTok salola mwana wosakwana zaka 13 kutsegula akaunti. Koma alipo makolo, ena ovala yunifolomu ya chigwirizano, amene amatsegulira okha mwana wa zaka khumi n'kulemba chaka chobadwa chabodza. Phunziro loyamba limene mwanayo walandira pa intaneti ndi lakuti bodza ndi lololedwa bola likutsegulire chitseko. Dziko la Australia linafika poletsa mwalamulo ana osakwana zaka 16 kukhala ndi maakaunti pamasamba a mchezo kuyambira pa 10 Disembala 2025. Kuno tisadikire Nyumba ya Malamulo kuti itiuze zaka za ana athu omwe.

Kwa achinyamata a ku sekondale nkhani imafuna nzeru kuposa mphamvu. M'mera mpoyamba, ndipo amene sanaikiridwe malire ali wamng'ono savomera kuti ayambe lero ali Fomu 3. Kulanda foni mwaukali ndi kuwerenga mauthenga ake mokweza pamaso pa abale ake ndi kuputa mkwiyo kumene Paulo anachenjeza atate m'kalata yake kwa Aefeso. Choopsa kwambiri n'chakuti mtsikana wolandidwa foni amatha kupeza womugulira ina, ndipo bambo wogulira mwana wa eni ake foni sapereka ulere. Foni yachiwiriyo imabisidwa m'thumba la pilo, simudzaiona. Kuli bwino kupangana poyera: foni nayi, maola ake ndi awa, ndipo nthawi ndi nthawi tiziyang'anamo tonse awiri. Muuzeninso mosabisa kuti wina akadzamupempha chithunzi cha thupi lake kapena kumuopseza kuti amuyalutsa, adzathamangire kwa inu ndipo simudzayamba ndi chikwapu. Adziwenso nambala yaulere ya 116 yothandiza ana amene ali pa mavuto. Alangizi a m'mipingo yathu, amene amadziwa bwino kulangiza za kavalidwe ndi ulemu, awonjezere mutu umenewu pa chilangizo.

N'zosavuta kuloza chala azungu, TikTok ndi masiku otsiriza, chifukwa onsewo sangatiyankhe. Koma kumbukirani Eli, wansembe wa ku Silo. Afilisti analipo m'masiku ake, oipa ndithu, koma uthenga umene Samueli analandira kwa Mulungu usiku wina sunali wa Afilisti. Mlandu wa Eli unali wakuti ankadziwa zimene ana ake, Hofeni ndi Pinehasi, ankachita ndipo sanawaletse. Ifenso tikudziwa zimene zili m'mafoni mwathu, tikudziwa maola amene timathera pamenepo, ndipo tikudziwa amene amatiyang'ana. Musanalande foni ya mwana sabata ino, yambani mwatsegula yanu, muione ngati ili yoti n'kumubwereka.