Miyezi 18 ya masamu m'milungu 6? Tiyeni tifunse kaye tisanaombe m'manja

Pepani ndakhala chete kwa kanthawi, zolembera zinandipanikiza.

Mmodzi mwa inu amene ndinamuphunzitsa ku Fomu 4 wanditumizira nkhani pa foni ndi mawu akuti, "Aphunzitsi, konzekerani kupuma, makina akubwera kudzatenga choko." Ndinaseka, koma nkhaniyo ndinaiwerenga mpaka kumapeto. Inali ya ku Nigeria, ndipo imati ana aphunzira zinthu za zaka ziwiri m'milungu isanu ndi umodzi chifukwa cha AI. Nditaona nambala imeneyi ndinakumbukira nkhani ina yofanana nayo, yomwe inakhudza ife a kuno kwathu.

M'chaka cha 2014 a BBC analemba kuti pulogalamu ya pa tabuleti yomwe inapangidwira ana a ku Malawi yaphunzitsa ana a ku England masamu a miyezi 18 m'milungu 6 yokha. Ambiri tinanyadira, ine ndemwe. Kwa nthawi yoyamba azungu akutengera chinthu kwa ife! Koma tiyeni tione zomwe ofufuza anachita.

Kafukufuku woyamba anachitika mu 2013 pa sukulu ya pulayimale ya Biwi ku Lilongwe, motsogozedwa ndi Nicola Pitchford wa ku yunivesite ya Nottingham. Anatenga ana 318 a Sitandade 1 mpaka 3 n'kuwagawa m'magulu atatu. Gulu loyamba linkachita masamu pa tabuleti kwa mphindi 30 pa tsiku, lachiwiri linkagwira tabuleti yopanda masamuwo, lachitatu linkangophunzira monga mwa masiku onse. Izi zinatenga milungu 8. Zotsatira zake, zomwe zinasindikizidwa mu 2015, zinaonetsa kuti ana a gulu loyamba a Sitandade 2 ndi 3 anaposa anzawo. Ameneyu anali kafukufuku wolongosoka ndithu, koma wa sukulu imodzi. Nambala ya miyezi 18 ija sinachokere ku Biwi. Inachokera pa kuyesa kwina kwa ana ochepa pa sukulu ya Dunkirk ku Nottingham.

Tsono patapita zaka zisanu, mu 2019, bungwe la Education Endowment Foundation linatulutsa zotsatira za kafukufuku wamkulu wa pulogalamu yomweyo ya onebillion. Ulendo uno sukulu zinali zoposa 100, ana oposa 1,000, milungu 12, ndipo oyesa anali anthu apadera. Anapeza kuti ana amene anagwiritsa ntchito pulogalamuyo anatsogola ndi miyezi itatu poyerekeza ndi anzawo. Miyezi itatu si yochepa ayi. Mphunzitsi aliyense angaivinire. Koma 3 si 18, ndipo nambala yomwe anthu amaikumbukira mpaka lero ndi 18, chifukwa ndiyo inali pa mutu wa nkhani.

Ndisananene zambiri, ndifotokoze za "miyezi" imeneyi, chifukwa apa ndi pomwe ambiri timapusitsidwa. Palibe wofufuza amene amakhala ndi mwana n'kumuona akumaliza silabasi ya chaka chimodzi ndi theka. Chomwe amachita ndi kupereka mayeso, kuona kusiyana kwa malikisi, kenako n'kusandutsa kusiyanako kukhala miyezi poyerekeza ndi mmene mwana amakwerera pa chaka. Ndiye taganizani: ngati m'dera lina ana amakwera pang'ono kwambiri pa chaka chifukwa kalasi ili ndi ana 100 ndipo mabuku palibe, kukwera kulikonse kooneka kumasanduka "zaka ziwiri". Nambalayo ikutiuza za kulemera kwa pulogalamu, inde, koma ikutiuzanso za umphawi wa sukulu zomwe akuziyerekeza nazo.

Tibwerere ku Nigeria. Kafukufuku ameneyu anachitika mu 2024 m'boma la Edo mothandizidwa ndi World Bank, ndipo nkhani yake inafala kumayambiriro kwa 2025. Ophunzira a sekondale ankatsala akaweruka, n'kumaphunzira Chingerezi pocheza ndi AI pa kompyuta. M'chipindamo munali aphunzitsi owatsogolera ndi kuwathandiza kuona pamene makinawo anama. Anzawo owayerekeza nawo sanalandire maola owonjezerawo. Tsono funso langa ndi ili: chinakweza malikisi ndi AI, kapena maola owonjezera, kapena mphunzitsi amene anali pafupi ndi gulu laling'ono? Mwina zonse pamodzi. Ife tonse tikudziwa zomwe makalasi a masana amachita MSCE ikayandikira, ngakhale opanda magetsi. Koma nkhani ikamafika pa foni ya mwana wanga uja, mphunzitsi anali atasowamo, maola owonjezera atasowamo, kwatsala makina okha.

Musaganize kuti atolankhani amakokomeza mbali imodzi yokha. Mu 2015 bungwe la OECD linatulutsa lipoti la makompyuta ndi maphunziro, ndipo mitu ya nkhani inati makompyuta sathandiza ana kukhoza. Lipotilo linatengera mayeso a PISA a 2012, ndipo linaonetsa kuti ana ogwiritsa ntchito kompyuta mwa apo ndi apo kusukulu ankakhoza bwinoko kuposa omwe sankaigwira kawirikawiri, pamene oigwiritsa ntchito kwambiri ankatsalira. Komanso lipotilo linkangoona zinthu zoyendera limodzi, silinagawe ana mwa maere. N'kutheka kuti ana ofooka ndi amene ankatumizidwa pa kompyuta nthawi zambiri. Mu 2023 zinachitikanso chimodzimodzi ndi lipoti la UNESCO: nyuzipepala zinati bungweli lalamula kuti mafoni aletsedwe m'sukulu pa dziko lonse, chonsecho mfundo yake inali yoti zipangizo zilowe m'kalasi pokhapokha zikuthandiza kuphunzira. Lipoti lomwelo linadandaula kuti umboni wosakondera ndi wochepa, ndipo wambiri umachokera kwa ogulitsa zipangizozo. Mfundo imeneyi, yomwe kwa ine ndi yofunika koposa, sinamveke kwenikweni.

Ena munganene kuti, "Aphunzitsi, mtolankhani ali ndi danga laling'ono, sangalembe zonse." Ndikuvomera. Nanenso ndikamalemba pa lipoti la mwana ndimangoti "wachita bwino" osafotokoza teremu yonse. Ndipo nthawi zambiri nambala yokoma ija saipeka mtolankhani, imachokera m'chikalata chomwe yunivesite kapena bungwe lapereka kwa atolankhani. Koma mizere iwiri yonena kuti ana anali angati ndiponso anawayerekeza ndi ndani siidya danga lambiri.

Chifukwa chiyani ndikulimbana ndi zimenezi? Chifukwa mitu ya nkhani imasanduka ndalama. Dziko la Peru linagula malaputopu oposa 800,000 a One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa 2012 m'sukulu 319 za kumidzi sanapeze kusintha pa masamu ndi chiyankhulo. Kuno kwathu boma linayamba pulogalamu ya BEFIT mu 2023 yofikitsa matabuleti m'sukulu za pulayimale. Ana amenewo ndi amene adzakhale m'makalasi athu a Fomu 1. Ngati makolo alonjezedwa miyezi 18 n'kulandira itatu, adzati chinthucho n'chabodza, chonsecho chagwira ntchito. Ngati akuluakulu akhulupirira kuti makina achita okha, adzaiwala kulipira ndi kuphunzitsa munthu woima pafupi ndi mwanayo. Ndinakhalapo pa msonkhano wina wa makolo pomwe bambo wina anabwera ndi nyuzipepala m'manja kuti tigule makompyuta ndi ndalama zomwe tinasungira mabuku. Palibe anafunsa kuti magetsi akathima tidzatani, kapena kuti adzaphunzitse ndani.

Ndiye pempho langa ndi losavuta. Mukaona nkhani yotere, musanaitumize ku gulu la pa WhatsApp, funsani: ana anali angati, pa sukulu zingati? Anawayerekeza ndi ndani, ndipo anzawowo ankatani pa nthawi imeneyo? M'chipindamo munali munthu wamkulu? Mayeso anakonza ndani, ndipo ndalama za kafukufuku anapereka ndani? Nkhani ikapanda kuyankha ngakhale limodzi, ikhale kaye pambali. Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kwa iwe mwana wanga amene unanditumizira nkhani ija: zikomo, upitirize kutumiza. Tabuleti ikabwera ndidzailandira ndi manja awiri. Choko ndikadali nacho m'thumba, ndipo Lolemba ndili ndi Fomu 2 pa piriyodi yoyamba.

Tionana.