Mboni Yoloza Pamphumi

Chiyambire mliri wa Covid-19 m'chaka cha 2020, ife a ku Chifunde takhulupirira kachipangizo kopima kutentha mosakhudza thupi monga mboni yosanama. Komatu iko kamangowerenga cheza chosaoneka chotuluka pa chinthu, ndipo chinthu chilichonse chimatulutsa chezacho mwa muyeso wakewake, umene amisiri amautcha emissivity. Kuona maso a nkhono n'kudekha: khungu la munthu lili pa 0.98, tizipangizo ta amisiri timabwera titatcheredwa pa 0.95, ndipo sefuliya yonyezimira, imene siifika ngakhale pa 0.1, ingaoneke yofunda chabe madzi akuwira m'katimo. Chifukwa chake ndikuti wogulitsa asalandire ndalama asanaphunzitse wogula kutchera nambalayi, ndipo kachipangizo kopimira injini kasalozedwe pamphumi pa mwana wodwala malungo.