Cipata Cimene Cimafunsa: Mwana Ali Kuti?

Mwezi uno tikupemphani kuti titsagane m'maganizo kunka ku Mangalande, pakati pa mzinda wa London, m'dera lochedwa Bloomsbury. Ndi dera laling'ono ndithu, loti munthu angalidutse ndi miyendo dzuwa lisanapendeke, komabe ladzala ndi zipatala, masukulu aukacenjede ndi zikumbutso. M'menemo muli bwalo lina lamasewero, Coram's Fields, limene lili ndi lamulo lodabwitsa pacipata pake: munthu wamkulu saloledwa kulowa pokhapokha ataperekezedwa ndi mwana. Kuti timvetse gwero la lamuloli, tiyenera kubwerera m'mbuyo zaka pafupifupi 300.

Thomas Coram anali mmisiri wa zombo ndiponso woyenda panyanja. Iye ndi mkazi wake sanaone mphatso ya mwana. Poyenda m'mamawa kupita kunchito zake mumzinda, ankaona makanda atatayidwa m'mbali mwa njira, ena ali moyo, ena atatsirizika kale. Anthu ambiri ankaona zomwezo napitirira. Iye zinamkhala pamtima. Kwa zaka 17 anagogoda pa makomo a anthu olemera, ndipo oyamba kumumvera anali amai a m'mabanja acifumu. Mu 1739 Mfumu George II inapereka cilolezo cokhazikitsa nyumba yolereramo ana osiyidwa, Foundling Hospital, ndipo ana oyamba analandiridwa pa 25 Marichi 1741.

Koma malo anali ocepa, amai obwera ndi ana nkukhala ambiri. Motero kuyambira 1742 anayamba kucita maere. Mai aliyense ankapisa dzanja m'thumba natulutsa kampira. Koyera kankatanthauza kuti mwana alandiridwa ngati apezeka wopanda matenda. Kofiira, kuti ayambe wadikira. Kakuda, kuti abwerere naye. Amai amene mukuwerenga, taganizani kunjenjemera kwa dzanja limenelo!

Mwana akalandiridwa ankabatizidwa napatsidwa dzina latsopano. Cifukwa cace amai ankasiya kacizindikiro: kandalama, batani, kansalu kong'ambidwa pa covala cao, kuti tsiku lina zinthu zikadzawayendera adzathe kunena kuti, uyu ndi wanga. Obwerera anali owerengeka cabe. Comvetsa cisoni ncakuti m'zaka za m'ma 1800 tizizindikiro tambiri tinacotsedwa m'makalata a ana kuti tizionetsedwa kwa alendo, ndipo m'menemo cingwe cimene cinkalumikiza mai ndi mwana cinaduka. Lero tikusungidwa m'nyumba ya zakale ya Foundling Museum, imene inatsegulidwa mu 2004 pa Brunswick Square.

Tisabise kuti cifundo copanda dongosolo cimapweteka. Pakati pa 1756 ndi 1760 boma linalamula kuti khanda lililonse lobwera lilandiridwe. Analandira ana pafupifupi 15,000, ndipo awiri mwa atatu alionse anamwalira. Mtima wabwino unalipo, koma anamwino, olera ndi nzeru za mankhwala zinaperewera.

Apa mpamene tikuona kufunika kwa nyumba zina za m'derali. Mu 1852 dokotala Charles West anatsegula cipatala ca ana pa Great Ormond Street, cili ndi mabedi 10 okha. Lero ncimodzi mwa zipatala za ana zochuka pa dziko lonse. Mu 1929 mlembi J. M. Barrie anacipatsa umwini wa nthano yake ya Peter Pan, kuti phindu lake lizithandiza ana odwala. Capafupi pomwepo pali University College London, yokhazikitsidwa mu 1826, imene inalandira ophunzira posayang'ana cipembedzo cao, pa nthawi imene Oxford ndi Cambridge zinkapereka madigiri kwa a mpingo wa Anglican okha, Akatolika ndi Ayuda nkumangoonerera.

Nafenso sitili alendo kwenikweni m'misewu imeneyi. Pa Keppel Street pali London School of Hygiene and Tropical Medicine, sukulu imene Patrick Manson anayambitsa mu 1899. Pa makonde a nyumba yake, yotsegulidwa mu 1929, anasulapo zifanizo zonyezimira ngati golide za udzudzu, kashembe, nsabwe, utitiri ndi khoswe. Adani amene timawadziwa bwino cifukwa ca malungo ndi kaodzera anawaika poonekera, kuti wophunzira aliyense polowa azikumbukira amene akulimbana naye. Pafupi ndi Russell Square pali SOAS, kumene Malcolm Guthrie anaika zilankhulo za Cibantu m'magulu, Cinyanja cathu nacipatsa nambala N31.

Zikumbutso nazo zilipo. M'munda wa Tavistock Square muli fano la Mahatma Gandhi la mu 1968, mtengo wobzalidwa mu 1967 pokumbukira ophedwa ku Hiroshima, ndi mwala wa mu 1994 wolemekeza amene anakana kugwira mfuti cifukwa ca cikumbumtima. Pambali pa munda wamtendere womwewo, pa 7 Julayi 2005, bomba linaphulika m'basi nilipha anthu 13 osalakwa. Miyala imatikumbutsa, koma payokha siiletsa mtima wa munthu kucita zoipa.

Nanga nyumba ya Coram? Ana anasamutsidwa mu 1926 ndipo nyumbayo inagwetsedwa. Malowo anagulitsidwa kwa omanga, koma anthu anasonkha ndalama nawaombola, ndipo mu 1936 anatsegulidwa kukhala bwalo la ana. Ndiye kuti pamalo pamene kale mai ankalowa ali ndi mwana natuluka manja ali m'khosi, lero munthu sangalowe wopanda mwana.

Makolo athu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Coram analibe wakewake, komabe ana oposa 25,000 analeredwa cifukwa cakuti iye sanapitirire njira. Funso la pacipata cija tilitenge tikalifunse m'mabanja ndi m'miphakati yathu: mwana amene alibe womgwira dzanja pakati pathu ndani, ndipo adzayamba kuimirira ndani?