NETIWEKI IKATHAWA, YAMBANI MWAFUFUZA M'NYUMBA MWANU

Aliyense amene wafikako pa msika wa Lundazi m'nyengo yogulitsa zokolola wamvapo dandaulo ili: "Netiweki yathawa." Amatero mai wogulitsa tomato, amatero mnyamata wa m'kabuthi ka ndalama za pafoni, amateronso mlimi amene wabwera ndi matumba a soya kucokera kwa Mwase kapena kwa Kapichila. Masiku ano ndalama za mbeu, uthenga wa maliro, fizi ya mwana wa ku koleji ndi zilengezo za parishi, zonse zimadutsa pafoni. Conco netiweki ikadula, banja lingataye ndalama kapena kucedwa kumva za imfa ya mbale.

Mabanja ambiri pa boma ndi m'midzi yozungulira tsopano ali ndi kabokosi ka intaneti, kamene ena amati rauta ndipo ena amati MiFi. Muikamo simu ya Airtel, MTN kapena Zamtel, ndipo iko kamagawira Wi-Fi ku mafoni onse a pakhomo. Maganizo athu ndi akuti mwa mabvuto a timabokosi timeneti, ena ndi a makampani ndipo tiyenera kuwadandaula mosaopa, koma ena ambiri ali m'nyumba mwathu momwe ndipo tingawathetse popanda kutaya ngwee.

Mai wina wamasiye wa mu mphakati wathu anandiitana kunyumba kwao. Mwana wao wa ku Lusaka anawagulira kabokosi kuti aziona adzukulu pa WhatsApp, koma nthawi zonse mau anali kudukaduka. Anali atapita nako kawiri kwa wokonza mafoni, nalipira, ndipo anali atatsala pang'ono kugulitsa thumba la nshawa kuti agule kena. Ndinawafunsa kuti, "Amai, kabokosiko mumakasunga kuti?" Anandionetsa tiranki yacitsulo pansi pa bedi, mmene anali kukakiyira poopa akuba ndi ana osewera. Tinakaturutsa ndi kukaika pamwamba pa kabati pafupi ndi windo loyang'ana ku boma. Madzulo omwewo analankhula ndi adzukulu ao mpaka kutopa, ndipo nshawa zija zinapulumuka. Akulu anati safunsa anadya phula.

Kuti timvetse bwino, tidziwe kuti uthenga umayenda maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wocokera pa nsanja ya kampani kufika pa kabokosi. Waciwiri ndi wocokera pa kabokosi kufika pa foni yanu, ndipo umenewu ndiwo Wi-Fi. Musanakalipire munthu ali yense, onani kuti ndi ulendo uti umene waduka. Yang'anani kacizindikiro ka Wi-Fi pamwamba pa foni. Ngati kakuzimiririka ndi kubweranso, bvuto liri pakati pa foni ndi kabokosi, ndiye kuti m'nyumba mwanu. Ngati kali kodzaza koma palibe cimene cikutseguka, bvuto liri pa simu, pa bandulo kapena pa nsanja. Yeso lina losabvuta ndi ili: cotsani simu m'kabokosi, muiike m'foni, muli pamalo omwewo. Intaneti ikayenda bwino, kolakwa ndi kabokosi kapena malo ake. Ikakanabe, kabokosi kalibe mlandu, musakataye. Ndiponso yesani ndi foni ina. Ngati foni imodzi yokha ndiyo ikudula pamene ena onse ali bwino, odwala ndi foniyo.

Coyamba kuona m'nyumba ndi malo. Wi-Fi ndi mafunde a wailesi, ndipo citsulo cimawachinga. Tiranki, malata, citseko cacitsulo, firiji, ngakhale dramu ya madzi, zonsezi zimafooketsa mafunde. Cipupa ca njerwa cimodzi angapyole, koma ziwiri kapena zitatu afika atatheratu mphamvu. Ikani kabokosi pamalo okwera, poonekera, pafupi ndi windo loyang'ana kumene kuli nsanja, koma osati pansi peni-peni pa malata. Yesani mawindo onse mmodzi-mmodzi, muziona timizere ta mphamvu pa kabokosi. Nthawi zina kusuntha mapazi awiri cabe kumasintha zonse.

Caciwiri ndi kutentha. M'mwezi wa Okutobala nyumba ya malata imakhala ngati ng'anjo. Kabokosi kakatentha kwambiri kamazima kokha kapena kuyamba kudula. Musakaike padzuwa, musakafunditse nsalu, musakasiye pa mtsamiro. Tiri ndi cizolowezi cosiya timabokosi ta batiri pa chaja usana ndi usiku. Batiri yotero imakalamba msanga ndipo imatupa. Mukaona civundikiro ca kumbuyo catukuka, zimitsani ndi kusintha batiriyo, cifukwa ingathe kuyambitsa moto.

Cacitatu ndi magetsi. Amene mugwiritsa nchito sola mwaonapo kuti intaneti imayenda bwino masana koma usiku imayamba kudula. Kawiri-kawiri cifukwa cake n'cakuti batiri ya sola yatsika, ndipo kabokosi kakuzima ndi kuyaka kosaleka. Zimitsani wailesi yakanema ndi mababu ena, muone ngati sikakhazikika. Chaja yochipa ya pamsika yosagwirizana ndi kabokosi, kapena nthambo yothyoka mkati, imacitanso cimodzi-modzi.

Cacinai, ndipo apa pafunika kulankhula mosabisa, ndi kuculuka kwa anthu pa kabokosi kamodzi. Munapatsa mwana wanu mau acinsinsi olowera, iye anapatsa mnzace, mnzaceyo anapatsa mtaa wonse. Timabokosi tating'ono tambiri timalandira mafoni pafupi-fupi 10, ndipo akakwana, wina amakankhidwira kunja. Anyamata atatu akakhala kuseri kwa nyumba kuonera mpira, amai sangathe kutumiza ngakhale cithunzi cimodzi, ndipo bandulo ya mwezi imatha m'masiku ocepa. Sinthani mau acinsinsi amene anabwera ndi kabokosi, muike anu atali, ndipo muziwasintha nthawi ndi nthawi. Kugawana ndi mnansi ndi cinthu cabwino, koma kukhale kodziwika ndi kogwirizana, aliyense aziponyapo kangacepe pa bandulo. Kudya bandulo ya mnzako mobisa sikusiyana ndi kuthyola cimanga m'munda mwace usiku.

Timabokosi tina tikuluko timaulutsa mafunde a mitundu iwiri, 2.4 GHz ndi 5 GHz. Wa 5 GHz ndi waliwiro koma supita patali ndipo umagonja ku zipupa. Wa 2.4 GHz ndi wocedwerako koma umafika kukhichini ndi pabwalo. Ngati foni imadula mukangoturuka m'cipinda, sankhani 2.4 GHz. Koma pamalo opanikizana monga m'masitolo a pamsika, pamene pali timabokosi ndi mafoni ambiri ogawa intaneti, mafunde a 2.4 GHz amasokonezana, ndipo 5 GHz ndiye amathandiza ngati muli pafupi ndi kabokosi. Zonsezi musanacite, yesani mankhwala akale: zimitsani kabokosi, dikirani theka la mphindi, muyatsenso. Ndipo onani ngati bandulo siinathe masiku ace, pakuti ambiri timakalipira nsanja pamene tangoiwala tsiku.

Ife a Lundazi tiri ndi bvuto lina limene a ku Lusaka salidziwa. Tiri pafupi ndi Malawi. Kumadera a ku Lusuntha ndi midzi ina ya m'malire, foni ikasiyidwa kuti izidzisankhira yokha netiweki ingathe kugwira nsanja ya TNM kapena Airtel ya ku Malawi. Pamenepo bandulo yanu ya kuno imaleka kugwira nchito, ndipo ngati mwalola intaneti ya kunja kwa dziko, ndalama za pafoni zimatha ngati madzi. Pemphani wodziwa akusankhireni netiweki ya kuno ndi dzanja kuti isamasinthe-sinthe. Cimodzi-modzi kumene mphamvu ndi yocepa, kabokosi kamalumpha pakati pa 4G ndi 3G, ndipo pakulumpha pali ponse kamadula. Kukakhazika pa mtundu umodzi wokha kumathandiza.

Tsopano za makampani. Nsanja iri ndi malire a anthu amene ingawatumikire nthawi imodzi. Ndiye cifukwa cace pa tsiku lodzaza msika, kumapeto kwa mwezi ndi madzulo, timizere timaoneka todzaza koma uthenga suyenda. Nsanja imafunanso magetsi. Tonse tikumbuka caka ca 2024, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse, madzi anatsika ku Kariba, ndipo m'madera ambiri a Zambia magetsi anali kuzima mpaka maola 21 patsiku. Nsanja zinali kudalira mabatiri ndi majenereta, ndipo zikatha mphamvu netiweki inali kuzima. Bvuto lotere simungalikonze ndi kusuntha kabokosi.

Koma sitiyenera kungokhala cete. Bungwe la ZICTA, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 2009, liri ndi udindo woyang'anira makampani a mafoni ndi kumva madandaulo a anthu. Njira yace ndi kuyamba kudandaula ku kampani yeniyeniyo, ndi kusunga nambala ya dandaulo imene akupatsani. Akapanda kuthandiza, nkhani ipite ku ZICTA. Dandaulo la munthu mmodzi lakuti "netiweki ibvuta" silipita patali. Koma gulu la alimi, komiti ya msika kapena mphakati ukalemba m'kope kwa mwezi wathunthu tsiku, ola, mudzi ndi kutalika kwa nthawi imene netiweki inadula, limenelo ndi umboni umene khansala, phungu wa nyumba ya malamulo ndi Radio Chikaya angagwire m'manja. Mutu umodzi susenza denga. Tipempha makampani kuti aonjezere mphamvu pa nsanja zotumikira msika, aike sola yodalirika pa nsanja za kumidzi ya Lumezi ndi Chasefu, ndiponso abwezere masiku a bandulo amene atha pamene netiweki kunalibe. Munthu amene analipira masiku 30 ayenera kudya masiku 30.

Cenjezo lomaliza ndi la kwa inu alimi anzathu, pakuti apa ndipo pamatayika thukuta la caka conse. Wogula akanena kuti, "Ndatumiza kale, netiweki cabe ndiyo yacedwetsa uthenga," musalole kuti matumba akwere galimoto. Uthenga wokuonetsani pa foni yace si ndalama, ndipo akuba amadziwa kulemba mauthenga onama ofanana ndi enieni. Dikirani netiweki ibwere, muone nokha pa foni yanu kuti ndalama zalowadi. Inunso mukatumiza ndalama ndipo netiweki yadula pakati, musathamangire kutumizanso. Yambani mwaona zotsala, cifukwa mwina zoyambazo zapita kale. Nambala yanu yacinsinsi ya ndalama musauze munthu, ngakhale wokonza foni kapena wodzicha wanchito wa kampani. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Tipemphanso acinyamata a m'maparishi athu, amene zinthu izi mumazidziwa bwino, kuti muzizungulira kwa agogo ndi amasiye a m'mphakati mwanu, kuwaonera timabokosi ndi mafoni ao kwaulere. Ola limodzi la Ciweru masana lingapulumutse thumba la nshawa la banja lina, monga linapulumukira la amai aja.